Azakhali Anabweza Bokosi Loyera

Bokosilo linabwera kwathu pa sabuwe, sitima ya pansi pa nthaka ija, ndipo wolinyamula ndinali ine, chifukwa azakhali anati iwo anyamula kale chikwama ndi udindo. Linali la pulasitiki, lalikulu ngati aja timasungiramo mabulangete, nambala italembedwa pambali. Kuchokera ku yunivesite kufika kwathu ku Scarborough ndi sitima ziwiri ndi basi imodzi, koma njira yonseyo azakhali sanakhale pansi. Mipando inalipo. Iwo anangoima, dzanja lili pa chivundikiro, aliyense woyandikira akumuponyera diso ngati tanyamula keke ya ukwati wa eni.

Dikirani, ndathamanga, ndimatero ine. Ndiyambe bwino.

Azakhaliwa ndi alongo awo a bambo anga, ndipo chibwerereni kuno ndimakhala nawo mu fulati yawo. Kumudzi anaphunzitsa zaka zambirimbiri pa pulayimale ina ku Ntcheu. Atafika kuno anayamba ndi kusamalira okalamba, uku akumenya nkhondo ya mapepala, mpaka anawalola kulowanso m'kalasi. Chaka chimenecho anawapatsa Giredi 5. Kalasi yake yosakhazikika, ana oti ukatembenuka kulemba pa bolodi wina wakwera kale pa desiki. Makolo awo ena a ku Jamaica, ena a ku Sri Lanka, ena a ku Philippines, koma chimene anawo ankagwirizana onse ndi nyimbo za Chikoreya. Pa mzere akuimba, popita ku chimbudzi akuimba, mawu ake osawadziwa n'komwe.

Ndiye ahedi anatumiza imelo kwa aphunzitsi onse, yoti yunivesite ina mumzinda muno imathandiza aphunzitsi ofuna kuphunzitsa zilankhulo ndi zikhalidwe za ku China, Japan ndi Korea. Umapita ku wekishopu Loweruka kangapo, amakuphunzitsa pang'ono, kenako amakubwereka bokosi la zipangizo teremu yonse. Mabokosi ndi ochepa, aphunzitsi ndi ambiri, pali mzere. Akaona kuti waligwiritsa ntchito amakupatsanso teremu inayo. Azakhali analembetsa tsiku lomwelo. Anati ngati mbuzi zonse zikuthamangira kumodzi, kuli bwino woweta akatsogole konko.

Ine Chikoreya ndinachiyambira ku Bangwe, mu vidiyo sho, mafilimu aja omasulira m'Chichewa, munthu mmodzi akulankhulira onse, mkazi yemwe, apongozi omwe. Nditapeza foni yangayanga ndinayamba kuonera enieniwo, kenako ndinadawuniloda ka apu, zilembo zawo n'kuziloweza m'basi popita ku ntchito. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni pa kakauntala ka mu molo, chinyumba cha masitolo chija, nayonso ndinaiphunzira pa foni pomwepo. Azakhali zimenezi sankaziwerengera. Ankati, "Iwe foni imeneyo ikadzakufunsira ukwati usadzakane, mwazolowerana."

Koma Loweruka loyamba atabwerako ku wekishopu anavula nsapato, anakhala pa sofa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, zilembo za anthu ako aja umazidziwadi, kapena umangoonera anyamata?"

"Zonse ziwiri, azakhali."

"Bweretsa cholembera. Anyamatawo uwasiye komweko."

Ndinakhala mphunzitsi wa mphunzitsi, ine. Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi tinkakhala pa tebulo la kukhitchini, ine foni m'manja, iwo akulemba pa mapepala aja otsatsa malonda amatiponyera m'bokosi la makalata. Burashi ankaigwira ngati choko.

"Azakhali, musaikanikize, ingoyendani nayo."

"Bambo ako ndinawaphunzitsa kulemba ndine."

"Eya, n'chifukwa chake kalata zawo sitimaziwerenga."

Anandiponyera kansalu kopukutira mbale, koma dzanja analifewetsa.

Ndiye tsiku lija tinafika nalo bokosi kunyumba, anayala kaye chitenje pa tebulo, anasamba m'manja, kenako anatsegula. Munali maburashi olembera makumi atatu, atsopano, iliyonse ili ndi kachisoti ka pulasitiki, tsitsi lake louma gwa ndi losongoka. Munali mabotolo a inki yakuda, mulu wa mapepala ofewa oti ukawapumira amauluka, timitengo tinayi ta masewera oponya, kang'oma kokhala ndi chiuno ngati mavu, ndi zovala ziwiri za ana zamitundu yowala. Pamwamba panali pepala la mndandanda wa zonsezo. Azakhali anawerenga kawiri, ine ndikuchonga.

Ndikukuuzani, zinatheka. Lachisanu lililonse masana kalasi ija inkasanduka ina. Azakhali ankabwera inki ili pa mkono wa bulauzi, osadandaula, nkhani zikuyamba asanavule jekete. Kamtsikana kena kamene chiyambireni chaka sikanakhalepo pansi mphindi zisanu kanakhala ola lathunthu kakulemba dzina lake m'zilembo za Chikoreya, lilime lili panja. Ana anayamba kupatsana moni mowerama, mpaka kuweramira bambo wosesa. Azakhali anapeza chida: ukasokosa Lachiwiri, Lachisanu ng'oma suigwira. Tsiku lomaliza asanatsekere Khirisimasi anawalonjeza kuti akadzatsegulira aliyense adzalemba dzina la amayi ake kapena abambo ake pa pepala lalikulu, ndipo mapepalawo adzawapachika mu kolido pa tsiku la makolo. Ana anayamba kale kufunsa mayina enieni a makolo awo, ena ankangodziwa kuti ndi amami basi.

"Mwalonjeza bokosi lisanabwerenso?" ndinawafunsa.

"Libwera. Ndaligwiritsa ntchito kuposa aliyense. Ndipo mphunzitsi sanamiza ana. Ahedi mwina, koma ana ayi."

Bokosi linkayenera kubwerera ku yunivesite pa holide kuti akalione. Loweruka m'mawa azakhali analitsegula pa tebulo lomwe lija, ndipo ndinamva ali chete, chete uja woopsa. Ndinasiya foni n'kupita kukaona. Maburashi tsitsi lili nyankhalala ngati miswachi ya kale, zogwirira zili bii, ina yotafunidwa kumapeto. Tizisoti tija tinatsala titatu. Mapepala anatha. Inki inatsala m'munsi mwa mabotolo. Chovala chimodzi chinali ndi kadzanja kakuda pamsana, zala zonse zisanu zikuoneka bwinobwino.

"Zinthu za eni izi," anatero azakhali, mawu ali pansi. "Anthu andikhulupirira, ine ndikawabwezere zimenezi?"

Apa ndinene zoona, chifukwa masiku ano ndikamafotokoza ndimakonda kuoneka ngati ndinali wanzeru. Sindinawaletse. Nanenso ndinaona manyazi omwewo. Kwathu ukabwereka poto wa eni umamukwecha mpaka kunsi komwe, umabweza akuwala kuposa momwe unamutengera. Ndiye ndinatenga foni, ndinajambula burashi imodzi, ndinagugula, mphindi zisanu ndapeza sitolo yogulitsa omwewo mu molo ina ya anthu a ku Asia kumpoto kwa mzinda. Ndinadzitama nazo.

Tinapita tsiku lomwelo, sinowo ikugwa, burashi yakale ili mu handibagi atakulunga mu tishu. Mu sitolomo azakhali anaitulutsa mobisa ngati chinthu choletsedwa, n'kumayerekeza ndi za pa shelefu, utali wake, mtundu wa chogwirira, kachingwe ka kumapeto. Bambo wa mu sitolo anafunsa ngati akutsegula sukulu. Tinatenga maburashi, inki, mapepala. Kunyumba zovala zija anazichapa pamanja, kadzanja kaja anakalimbana nako mpaka kanagonja, anasita, anapinda, anaika m'mapulasitiki. Timitengo anatipukuta ndi mafuta. Bokosi lenilenilo analisambitsa mu bafa ngati mwana. Ine ntchito yanga inali kumatula timapepala ta sitolo pa burashi iliyonse, ndipo pomatula zomata ndine katswiri, ndimatsegula mafoni tsiku lililonse. Maburashi akale anawamanga mu jumbo n'kunditumiza kukawaponya mu chipaipi cha zinyalala cha pa kolido. Ndinawamva akugwa mpaka pansi.

Panali fomu yodzaza. Pamene anafunsa ngati pali chatha kapena chawonongeka, azakhali analemba ndi dzanja lawo lokongola la pa bolodi kuti palibe, zonse zili momwe anazilandirira. Tinalibweza Lolemba mitu ili m'mwamba.

Imelo inabwera sabata yotsegulira sukulu isanafike, ine ndili ku ntchito ndikusintha sikirini ya munthu. Azakhali anangoifowada osalemba kanthu. Inali yaulemu kwambiri, ulemu wa kuno uja woti umayamba wathokoza usanazindikire kuti akukana. Akuti taona kuti zipangizo sizinagwiritsidwe ntchito, tikumvetsa kuti aphunzitsi mumatanganidwa, choncho bokosi tipereka kwa mphunzitsi wotsatira pa mzere, mudzalembetsenso chaka chamawa.

Ndinaseka, ndisaname. Kasitomala anaganiza kuti ndikuseka foni yake. Koma madzulo nditafika ndinapeza azakhali atakhala kukhitchini jekete asanavule.

"Ingowauzani zoona," ndinatero. "Ndilembe ine, mphindi ziwiri."

"Ulembe kuti chiyani? Kuti ndinawononga katundu wawo, ndinakagula wina, ndinabisa, kenako ndinasaina kuti palibe chawonongeka?"

"Mukanena choncho zikumveka ngati filimu."

"Kuli bwino andiyese waulesi."

"Nanga ana mukawauza chiyani Lolemba?"

Anadzuka n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale.

Lolemba anabwera mochedwa, tinakhala pa tebulo kudya. Ndinawafunsa kuti ana anati chiyani. Anati anafunsa za bokosi asanavule ndi zipewa zomwe, ndipo kamtsikana kaja kanabwera ndi dzina la amayi ake litalembedwa pa chikhatho kuti kasaiwale.

"Ndiye munawauza chiyani?"

"Ndinati lachedwa chifukwa cha sinowo."

"Azakhali."

"Idya."

"Ndimayesa mphunzitsi sanamiza—"

"Ndati idya."

Ndinadya. Ndinkafuna kupitiriza, pakamwa panga mukupadziwa, koma ndinaona kuti supuni yawo ikungozungulira m'mbale. Lachinayi ndi pamene anandiuza, ali chitembenukire ku sinki, kuti Loweruka ndipemphe ofu. Anali atamva kuti mayi woyang'anira mabokosi amakhalapo Loweruka chifukwa cha wekishopu ya gulu latsopano.

Tinawapeza mayiwo m'kachipinda kodzaza mabokosi mpaka kudenga. Anali aafupi, ooneka ngati a ku Korea, atavala nsapato zothamangira, akudya apulo. Ine mwayi umenewu ndinaudikira zaka. Ndinawerama, ndinawapatsa moni wa Chikoreya wathunthu, ndi mawu onse aulemu amene ndikuwadziwa. Anamwetulira, anayankha, kenako anati mu Chingerezi Chikoreya changa n'chabwino ndithu, kungoti ndikulankhula ngati munthu wa m'nyumba yachifumu zaka mazana apitawo. Iwo anakulira ku Hamilton, tauni ya konkuno, akuti moni wotero anaumva komaliza kwa agogo awo. Azakhali ananditsina pa mkono.

Kenako anayamba azakhaliwo. Anafunsa za umoyo, za banja, za kuzizira. Anathokoza yunivesite, anathokoza wekishopu, anathokoza mpaka tiyi wa pa wekishopu. Mayi aja apulo anamaliza, anayang'ana wotchi ya pakhoma. Bokosi lathu ndinkaliona pakona, likuwala, pamwamba atamatapo dzina la sukulu ina.

"Nkhani ndi yoti," ndinalowerera, "bokosilo analigwiritsa—"

"Ndakutenga kuti udzanyamule," anatero azakhali m'Chichewa, osanditembenukira. "Pakamwa ndabweretsa panga."

Anaimirira, chikwama atachigwira ndi manja awiri kutsogolo ngati mwana wa Sitandade 3 pamaso pa ahedi. Ananena zonse, mu Chingerezi chawo cha m'kalasi chija chotchula chilembo chilichonse. Maburashi amene ali m'bokosimo si anu. Anu ana anawatha, ndinawataya. Inki ndinagula, mapepala ndinagula, pa fomu ndinalemba bodza. Anati kumene iwo anaphunzitsa, sukulu zonse za m'zoni mwawo zinali ndi mpira umodzi wokha uja wa mapu a dziko lapansi, wosungidwa ku ofesi ya zoni, ndipo ukaubwereka ana ankauonera patali, mphunzitsi yekha akuuzungulitsa. Mphunzitsi wina anaubweza utaphwanyika pang'ono, ndipo mpaka anapuma ntchito palibe anamubwerekanso ngakhale rula. Anati iwo ana anawalola kugwira, chifukwa ku wekishopu anauzidwa choncho, koma kubweza zinthu zili choncho mtima unakana.

Mayi aja anapita pakona, anatsegula bokosi, anatulutsa burashi imodzi, anaichotsa kachisoti, anaiyang'anitsitsa pa kuwala.

"Awa ndi abwino kuposa amene timagula ife," anatero.

"Pepani," anatero azakhali.

Mayiwo anakhala pa bokosi lina n'kufunsa kuti, chabwino, ana akagwira burashi koyamba amatani? Azakhali anati amaiviika yonse mpaka chogwirira, ndiye uyenera kuthira inki pang'ono pa tizivundikiro ta mabotolo a yogati, osawapatsa botolo. Nanga timitengo? Anati uyale thaulo pansi, apo ayi mphunzitsi wa kalasi ya pansi amakwera kudzadandaula. Nanga ng'oma? Anati ng'oma imodzi ana makumi awiri ndi asanu ndi nkhondo, iwo anaisandutsa mphotho. Ananena zilembo ziwiri zimene ana amazitembenuza nthawi zonse, ndi kanyimbo kamene anapeka kuti asamasokoneze. Apa mawu anali atabwerera, dzanja limodzi linasiya chikwama n'kuyamba kuloza m'mwamba. Ndinangoona mayi aja atenga pepala akulemba.

Kenako anasiya kulemba. Anati iwo bokosi likabwera, choyamba amayang'ana maburashi. Burashi ikakhala youma ndi kachisoti kake amadziwa kuti sinalawe madzi, ndipo mabokosi otero amabwera ambiri, ongokhala pansi pa desiki teremu yonse. Likabwera lakuda, mapepala atatha, amasangalala, amangodzazamo zina. Ndiyo ntchito yake.

"Ndiye ndikanabweretsa zinyalala zija mukanandipatsanso?"

"Tsiku lomwelo."

Azakhali anakhala pansi pang'onopang'ono. Ine ndinayang'ana kudenga, chifukwa tikanaonana maso ndikanaphulika.

Koma bokosi lathu, mayiwo anati, lapita. Analonjeza kale mphunzitsi wina, akubwera kudzalitenga masana omwewo, nayenso ali ndi ana akudikira. Azakhali anagwedeza mutu, anati n'zoona, lonjezo ndi lonjezo, ndipo anayamba kumanga sikafu. Ndinkaona kuti akuganiza kale za Lolemba. Mayi aja anati tidikire. Analowa kuseri kwa mashelefu, tinamva akukoka chinthu, n'kutulukira ndi bokosi lina. Abale. Chivundikiro chong'aluka atamata ndi tepi, m'mbali muli zala za ana a zaka zambiri, ng'oma yake yachigamba, chovala chimodzi chopanda lamba. Anati ili analipumitsa chifukwa aphunzitsi ankalikana. Anaponyamo mapepala atsopano, inki, ndi maburashi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera m'chitini cha pa shelefu.

"Ili ngakhale inu simungalibwezere unyamata," anatero. "Koma tigwirizane. Lidzabwere momwe ana adzalisiyire. Sopo ayi, sitolo ayi."

Azakhali analiyang'ana ngati munthu amene wapatsidwa mwana wa eni wa chimfine.

"Ngakhale kupukuta?"

"Ngakhale kupukuta."

Tili mu lifiti anandiuza kuti nkhani imeneyi ikafika pa gulupu ya banja ya pa foni, ndikapeze kokhala. Sindinaitumize. Ndinangoimbira bambo.

Lolemba anawauza ana kuti sinowo sinalakwe, analakwa ndi iwo, ndipo anafotokoza. Akuti ana sanamvetse n'komwe vuto lake, anangofunsa ngati ng'oma yabwera. Pa tsiku la makolo ananditumizira chithunzi cha kolido, mapepala ali ndandanda khoma lonse, ena inki itayenderera mpaka pansi. Chithunzicho chinali chopendekeka, chala chawo chili pakona, koma ndinachisunga.

Teremu itatha bokosi linabwera kunyumba lili loipa kuposa kale. Linagona pa tebulo masiku awiri, azakhali akulizungulira. Ndinawapeza kawiri ali ndi siponji m'manja, akuti amapita ku sinki, ngakhale sinki ili mbali inayo. Pa fomu, pamene anafunsa za zowonongeka, malo anawachepera, anapitiriza kuseri. M'mawa wokabweza ndinatuluka m'chipinda n'kupeza chivundikiro chili chonyowa, tepi yake ikuwala.

"Azakhali, munalonjeza."

"M'katimo sindinakhudze, tsegula uone."

"Nanga ichi?"

"Chivundikiro sichiphunzitsa mwana," anatero, akuvala magolovesi. "Nyamula, tichedwa basi."